Njinga Ikamagogoda, Yambani Mwawerenga Musanapite ku Kamwala

Aliyense amene anayendapo m'masitolo a ku Kamwala, kutsidya kwa njanji mukamachokera ku Cairo Road, akudziwa kuti chitsulo cha njinga sichisowa kumeneko. Matcheni ali m'timabokosi, mapedulo akulendewera pa zingwe, masipoko ali m'mitolo ngati udzu wofolerera nyumba. Wogulitsa ntchito yake ndi kugulitsa. Mukamuuza kuti mukufuna ekiselo ya pakati adzakupatsani ekiselo ya pakati, ndipo sanalakwe, pakuti njinga yanuyo sanaikwere ndipo kulira kwake sanakumve. Vuto lili kwa ife alimi. Njinga ikayamba kulira kuti gu! gu! pansi pa mapazi, timafulumira kuloza chitsulo chimene tikuchiganizira, n'kukachigula, n'kuchimanga, koma m'mawa mwake pa ulendo wa ku msika wa Soweto kugogoda kuja kudakalipo. Ndalama ya mabokosi a matimati yapita, tsiku logwira ntchito kudimba lapita, ndipo chitsulo chimene chikudwaladi chikupitiriza kudya zinzake.

Chimene chimatisokoneza ndi fulemu. Fulemu ya njinga ndi mapaipi achitsulo opanda kanthu m'kati, ndipo paipi imanyamula phokoso. Gogodani ndi sipanala pa nati ya wilo la kumbuyo, mnzanu ataika khutu pa chishalo: adzalumbira kuti mwagogoda pansi pa chishalo pomwepo. Wokwera njinga makutu ake ali pamwamba, ndiye phokoso lililonse lochokera pansi amalimva ngati likuchokera pakati pa mapazi. N'chifukwa chake ekiselo ya pakati imanamiziridwa milandu yambiri imene sinapalamule. Khutu silidalirika pa kunena malo. Koma pali chinthu chimodzi chimene fulemu singasinthe, ndicho nthawi imene phokosolo likubwera. Kugogoda kulikonse kumatsata kuzungulira kwa chinthu china, ndipo zinthu zozungulira pa njinga sizithamanga mofanana.

Zozungulira zilipo zitatu

Tiyerekeze njinga wamba ya mawilo a mainchi 28, imene giya yake yaikulu ili ndi mano 44 ndipo kagiya ka kumbuyo kali ndi mano 18. Yanu mwina ili ndi 46 kapena 48 kutsogolo ndi 20 kumbuyo; werengani, kusiyana kwake n'kochepa. Mukazunguliza mapedulo kamodzi, giya yaikulu imakoka mfundo 44 za tcheni, ndipo kagiya ka mano 18 kamayenera kuzungulira kawiri ndi pafupifupi theka kuti mfundo zonsezo zidutse. Ndiye kuti wilo limazungulira kawiri ndi theka pa kupalasa kumodzi. Tcheni nacho chili ndi mfundo zopitirira 100 pang'ono, choncho kuti mfundo imodzi ichoke pa kagiya, ikazungulire kutsogolo n'kubwereranso pomwe inachokera, mapedulo amazungulira kawiri ndi theka, mwina kuyandikira katatu.

Masamu onse athera pamenepa, ndipo phindu lake ndi ili. Kugogoda kumene kukubwera kamodzi pa kupalasa kulikonse, phazi likafika pa malo amodzimodzi, n'kwa mapedulo, makulanki, ekiselo ya pakati kapena giya yaikulu. Kumene kukubwera mwa apo ndi apo, kamodzi pa kupalasa kuwiri kapena kutatu, ulendo uno phazi lili pamwamba, ulendo wotsatira lili pansi, n'kwa tcheni. Kumene kukubwera mofulumira, kangapo pa kupalasa kumodzi, ndipo sikusiya ngakhale mwaleka kupalasa, n'kwa wilo. Ndipo kumene kulibe ndondomeko, kongobwera mukagunda dzenje kapena mwala, nthawi zambiri si kwa zoyendetsa njinga konse. Ndi kaliyala yakhwepa, sitandi, madigadi kapena loko yolendewera.

Kuti muwerenge bwino, pezani malo a phee, monga bwalo la sukulu ana ataweruka. Mu Great East Road kapena mu Chilimbulu Road simudzamva kanthu koma maminibasi. Musaitembenuze njinga chadodolido n'kumazunguliza mapedulo ndi dzanja poyamba, chifukwa zolakwika zambiri zimalankhula pokhapokha pali kulemera. Mangani thumba la chimanga pa kaliyala monga mwa masiku onse. Lusaka ndi mzinda wa zitunda zochepa, ndiye ngati palibe pokwera, gwirani buleki pang'ono uku mukupalasa kuti miyendo ilimbike. Werengani mokweza kupalasa kulikonse kwa phazi lamanja. Kenaka lekani kupalasa, njinga iziyenda yokha: kugogoda kwaleka kapena kukupitirira? Kenaka palasani mutaimirira, osakhudza chishalo. Kukatha apa, wolakwa ndi chishalo kapena chitsulo chake cholowa m'fulemu, chimene chimalira motsata kupalasa chifukwa thupi limapendekera uku ndi uku. Anthu ambiri amasula pakati pa njinga ponse chifukwa cha nati imodzi ya pansi pa chishalo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo apa kudekha kwake ndi kwa mphindi 10 zokha.

Kamodzi pa kupalasa kulikonse

Njinga zambiri zonyamula katundu m'dziko muno zimatsata kapangidwe kakale ka ku England, ka Raleigh ndi Humber. Za Hero, Atlas ndi Avon zochokera ku India, za Phoenix zochokera ku China, ngakhale za Eagle zija achikulire akuzikumbukira, zimene zinkapangidwa ku Chipata ndi kampani ya Luangwa Industries, zonse ndi za banja limodzi. Pa njinga za mtundu umenewu kulanki, mkono wachitsulo uja wonyamula pedulo, imagwira ku ekiselo ndi kotapini. Mukamva kugogoda kamodzi pa kupalasa kulikonse, kotapini ndiye woyamba kufunsidwa.

Kotapini ndi kamtanda kachitsulo kosemedwa mbali imodzi ngati mphero, ndipo mbali yosemedwayo imakanikiza pa malo osalala a ekiselo. Anaipanga dala ndi chitsulo chofewerapo kuti izidyeka iyo m'malo mwa ekiselo ndi kulanki, zimene ndi zodula. Ikayamba kudyeka, kulanki imapeza kampata. Phazi likadutsa pamwamba n'kuyamba kutsika, kulanki imagwa kaye pang'ono isanagwire, ndiye mumamva gu! ndiponso mumamva m'phazi ngati mwaponda sitepe imene kulibe.

Pali chinthu china chimene ambiri sachiganizira. Kulanki ya kumanja inalumikizidwa ndi giya yaikulu, choncho mphamvu ya phazi lamanja imapita ku tcheni mwachindunji. Mphamvu ya phazi lamanzere ili ndi ulendo wautali: imadutsa mu kotapini ya kumanzere, kulowa mu ekiselo, kudutsanso mu kotapini ya kumanja, ndipo pokhapo imafika ku giya. Motero kugogoda kumene mukukumva mukaponda ndi phazi lamanzere kungakhale kwa kotapini ya kumanja. Munthu amasintha ya kumanzere kawiri katatu, n'kumati makotapini a masiku ano ndi achabe, pamene yodwala ili mbali inayo. Yesani motere: ikani makulanki mopingasa, imirirani pa mapedulo onse awiri njinga itatsamira khoma, kenaka tembenuzani kuti yomwe inali kutsogolo ipite kumbuyo, n'kuimiriranso. Mukamva kusuntha, yang'anitsitsani pamene kulanki iliyonse yakumana ndi ekiselo mnzanu akubwereza zomwezo. Mudzaona ndi maso mbali imene ikusewera. Onaninso pamene kulanki ya kumanja inalumikizana ndi giya, pakuti pa njinga zotchipa malo amenewa nawonso amakhwepa, ndipo apo mankhwala ake ndi kuwotcherera kapena kugula ina.

Kotapini simangidwa ndi nati. Kanati kaja ntchito yake ndi kuigwira kuti isabwerere, ndipo mukakakamiza ndi sipanala mudzangodula mazinga. Imalowetsedwa ndi hamala, kumenya kumutu kwake, kenaka n'kumanga nati. Koma musanamenye, chirikizani kulanki pansi pake ndi paipi kapena chipika cholimba chofika pansi, kuti nkhonya ya hamala ipite m'nthaka. Mukamenya popanda chochirikiza, nkhonya yonse imagwera pa timipira tachitsulo ta m'kati, tija amakanika amati mabering'i, ndipo timaboola timaenje m'makapu. Mwachotsa kugogoda kumodzi, mwabzala kwina. Makotapini gulani awiri ofanana, ndipo makulanki akagona mopingasa nati ya imodzi ikhale pamwamba, ya inzake pansi. Mukalozetsa onse mbali imodzi makulanki sadzawongokerana, ndipo mudzapalasa ngati munthu wotsimphina. Kukula kwake kumasiyananso: ilipo ya mamilimita 9, ilipo ya 9.5. Kusiyana kumeneku diso silikuona pa kauntala, ndiye nyamulani yakale.

Za msomali kapena bawuti wamba m'malo mwa kotapini, zimene timaziona kawirikawiri m'midzi, ndinene mosabisa: zingakufikitseni kunyumba tsiku limenelo, koma mukazisiya mwezi zimakuza bowo la kulanki, ndipo ikatero ngakhale kotapini yeniyeni siigwiranso.

Njinga za magiya ambiri, zija zogwiritsidwapo kale ntchito zochokera kunja, zilibe kotapini. Kulanki yake imalowa pa nsonga ya ekiselo ya ngodya zinayi n'kumangidwa ndi bawuti kapena nati. Apa changu chikufunika kwambiri, chifukwa kulanki zambiri za mtunduwu ndi za aluminiyamu. Mukayenda nayo yokhwepa kuchokera ku Chelstone kufika m'tauni, bowo la ngodya zinayi lija likhoza kuyamba kubulungira, ndipo ikatero palibe kumanga kumene kungaichiritse.

Makotapini akapezeka osalakwa, pitani ku mapedulo. Gwirani pedulo, igwedezeni. Ikamagwedera pa ekiselo yake kapena kuzungulira mokhakhala, ndi yomweyo. Nthawi zina pedulo ili bwino koma yangokhwepa pamene inalowa mu kulanki, ndipo sipanala ya 15 imathetsa nkhani. Kumbukirani kuti pedulo ya kumanzere mazinga ake ndi otembenuka, imamangidwa mozungulira chakumanzere. Pa nsonga pake pamalembedwa L, pa inzake R. Njira yosawononga ndalama ndi kubwereka mapedulo a mnzanu kwa theka la ola. Kugogoda kukatha, mwadziwa chogula.

Tsopano ndiye tafika pa ekiselo ya pakati. Gwirani kulanki imodzi, ikankhireni ku fulemu ndi kuikokanso. Ikasuntha yokha, vuto ndi kotapini. Zikasuntha zonse ziwiri pamodzi, ina kulowa ina kutuluka, mpata uli m'mabering'i. Chotsani tcheni pa giya yaikulu, ikani khutu pa chishalo, mnzanu azungulize makulanki. Fulemu ija inkakunamizani tsopano ikuthandizani: mabering'i abwino amamveka ngati mphepo, owonongeka amamveka ngati mphero ikupera mchenga.

Chimene chimapha malo amenewa mu Lusaka ndi madzi. Mzindawu unakhala pa thanthwe la laimu ndipo madzi a pansi ali pafupi, choncho mvula ikalimbika mu Januwale ndi Febuluwale, misewu ya ku Kamwala, Kanyama ndi madera ena otsika imasanduka madambo. Ekiselo ya pakati ili pamunsi penipeni pa fulemu. Mukawoloka chithaphwi chofika m'mapedulo, madzi amatope amalowa, amatsuka girisi, ndipo dzimbiri limayamba ntchito yake mwakachetechete. Kugogoda kumadzamveka mu Meyi kapena Juni, nthawi yotuta, mwiniwake ataiwala kale za chithaphwi chija.

Ngati mpata ndi wochepa ndipo kuzungulira n'kosalala, masulani mphete yotsekera ya kumanzere, lowetsani kapu pang'ono mpaka kugwedera kuthe, n'kutsekanso. Musapitirize muyezo, pakuti kapu yothina imadya mabering'i msanga kuposa yokhwepa. Ngati mukumveka mchenga, masulani zonse, tsukani ndi parafini, muyang'ane njira imene timipira timayendamo pa ekiselo ndi m'makapu. Ikhale yosalala ngati galasi. Pakakhala timaenje, chitsulocho chatha, ndipo mabering'i atsopano sangachipulumutse. Timipira ta pamenepa ndi ta kota ya inchi, ndipo tikakhala tosamangidwa m'kachikombole timalowa 11 mbali iliyonse. Onaninso kapu ya kumanja, imene anthu amaiiwala chifukwa inabisala kuseri kwa giya. Ikakhwepa imagogoda kwambiri, ndipo pa njinga za kapangidwe ka ku England mazinga ake ndi otembenuka ngati a pedulo ya kumanzere.

Musanatseke nkhani ya kugogoda kwa kamodzikamodzi, zungulizani makulanki pang'onopang'ono mukuyang'ana. Kulanki yopindika imagunda chotchingira tcheni kapena sitandi pa malo amodzimodzi ulendo uliwonse, ndipo pogundapo pamakhala poyera, penti itachoka.

Tcheni ndi kagiya

Tcheni cha mtundu umene tikugwiritsa ntchito anachikonza ndi Hans Renold ku Manchester m'chaka cha 1880, ndipo mu 1885 John Kemp Starley wa ku Coventry anatulutsa njinga ya Rover yoyendetsa wilo la kumbuyo ndi tcheni, kholo la njinga zathuzi. Ichi n'chifukwa chake mpaka lero tcheni chimayezedwa ndi mainchi ngakhale kusukulu tinaphunzira mamita. Kuchokera pa kamsomali kamodzi kufika pa kanzake ndi theka la inchi ndendende, kaya tchenicho chapangidwa ku India, ku China kapena ku Japan.

Kugogoda kwa kamodzi pa kupalasa kuwiri kapena kutatu kumachokera pa mfundo imodzi youma, imene ikukana kupinda. Pa giya yaikulu imadutsa bwino chifukwa kupinda kwake n'kochepa, koma ikafika pa kagiya imakwera pamwamba pa dzino n'kugwa. Zungulizani mapedulo chambuyo pang'onopang'ono mukuyang'ana pa kagiya, ndipo mudzaona mfundo imodzi ikutuluka itapindika ngati bondo. Ikani chizindikiro ndi choko. Kawirikawiri imakhala pamene tcheni chinalumikizidwa ndi hamala ndi msomali. Thirani kadontho ka oyilo, igwireni ndi manja awiri n'kuipinda cham'mbali uku ndi uku mpaka imasuke. Ngati kachitsulo ka m'mbali kang'aluka kapena kamsomali katuluka mbali imodzi, chotsani mfundoyo lero lomwe. Tcheni choduka munthu ataimirira pa mapedulo ndi katundu kumbuyo chimagwetsa koopsa. Pa mfundo yolumikizira ija yokhala ndi kaloko, mbali yotseka ya kalokoko iyang'ane kumene tcheni chikupita.

Kulinso kugogoda kwina kwaukulu, kobwera pokhapokha mwaponda mwamphamvu, monga ponyamuka ndi katundu kapena pokwera mlatho wodutsa pamwamba pa njanji mu Independence Avenue. Phazi limagwa mwadzidzidzi, kumbuyo n'kumveka khoo! Apa tcheni chadumpha dzino. Timati tcheni chatalika, koma chitsulo sichinatanuke ayi; timisomali ta m'kati ndi timene tadyeka, ndipo kampata kakang'ono pa mfundo iliyonse, kakaphatikizidwa maulendo 100, kamakhala kutalika kooneka. Yezani ndi rula. Pa tcheni chatsopano, mukaika chiyambi cha rula pakati pa kamsomali kamodzi, pa mainchi 12, amene ndi mamilimita pafupifupi 305, padzakhalanso kamsomali. Kakapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, sinthani tcheni, magiya adakali ndi moyo. Kakapitirira ndi mamilimita 3, tcheni chadya kale mano a kagiya, ndipo mudzawaona atasongoka n'kupindika ngati minga ya kankhande.

Apa ndi pamene ambiri amataya ndalama. Amagula tcheni chatsopano n'kuchiika pa kagiya kakutha, ndipo kudumpha kumawonjezeka kuposa kale, chifukwa tcheni chakale ndi kagiya kakale zinali zitazolowerana, pamene chatsopano sichikhala m'mano okumbika. Wina amabwerera kusitolo kukakangana kuti anamugulitsa tcheni chabodza. Zikafika pamenepa, ziwirizi zimasinthidwa limodzi. Onaninso m'lifupi: njinga ya giya imodzi imafuna tcheni chachikulu, cha 1/8 ya inchi, pamene ya magiya ambiri imafuna chopyapyala.

Kukungika kwa tcheni nakonso kumalankhula. Cholendewera chimamenya chotchingira kapena fulemu pa mabampu. Chothina kwambiri chimalira kuti kha-kha-kha ndi kudya mabering'i a pakati ndi a wilo. Giya yaikulu siikhala yozungulira bwino kwenikweni, choncho pa kupalasa kumodzi tcheni chimathina pena n'kumasuka pena. Pezani pothina kwambiri, ndipo pamenepo chizitha kukwera ndi kutsika pafupifupi sentimita imodzi mukachikankha ndi chala. Za mafuta, fumbi la Ogasiti mpaka Okutobala likasakanikirana ndi oyilo wambiri limakhala phala lonolera. Oyilo wakuda wotsala m'injini, amene ambiri timamukonda chifukwa ndi waulere, ali kale ndi tizidutswa tachitsulo. Kuli bwino kadontho kamodzi ka oyilo woyera pa mfundo iliyonse, kenaka kupukuta kunja konse ndi nsanza.

M'kati mwa kagiya ka kumbuyo, kamene amakanika amati fuluwilo, muli tizikhadabo tachitsulo tokankhidwa ndi kawaya. Ndi timene timalira kuti tiki-tiki-tiki mukaleka kupalasa, ndipo mukayambanso timakola mano a m'kati. Fumbi ndi girisi wouma zikatimata, timachedwa kutuluka. Chizindikiro chake n'chosasokoneza: kugogoda kumabwera kamodzi kokha, pa nthawi imene mwayambanso kupalasa mutapumira, ndipo nthawi zina mapedulo amazungulira osakoka kanthu kenaka n'kugwira mwadzidzidzi. Gonekani njinga kagiya kali pamwamba, thirani parafini m'kampata ka pakati pa mbali yozungulira ndi yoima uku mukuzunguliza, dikirani atuluke, n'kuthira oyilo wopepuka. Kulira kwa tiki-tiki kukabwerera momveka bwino, mwapulumutsa ndalama. Kukapanda kubwerera, gulani ina. Fuluwilo yoterereka si yoyenda nayo pakati pa magalimoto.

Alimi ambiri tsopano ali ndi njinga za Buffalo, za bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005, ndipo alimi a mkaka a ku Palabana ndi ena mwa amene akhala akuzigwiritsa ntchito ponyamula zigubu. Buffalo ya giya imodzi buleki yake ya kumbuyo ili m'kati mwa habu, yogwira mukapondera mapedulo chambuyo. Pa njinga iliyonse ya buleki yotere, kampata kochepa pakati pa kupalasa ndi kugwira buleki n'kachibadwa, musakaope. Koma kumanzere kwa habu kuli kamkono kachitsulo komangiriridwa ku fulemu ndi kalamba ndi bawuti. Bawutiyo ikakhwepa mumamva gu! pogwira buleki, ndi gu! winanso poyambanso kupalasa. Imangeni musanayende ulendo wina, chifukwa ikagwa kamkonoko kamazungulira ndi wilo ndipo buleki imatha. Kuti muyang'ane tcheni cha njinga yotere, nyamulani wilo la kumbuyo n'kuzunguliza chakutsogolo, pakuti chambuyo sichipita.

Kugogoda kosaleka mukasiya kupalasa

Uku n'kwa wilo, ndipo kufufuza kwake n'kwachidule. Nyamulani wilo, gwirani tayala, ligwedezeni cham'mbali. Likagwedera, makoni a mu habu akhwepa. Finyani masipoko awiriawiri kuzungulira wilo lonse. Yoduka kapena yokhwepa idzadziulula. Zungulizani wilo muone ngati limu ikugunda buleki kapena tayala likukhudza fulemu. Ngati manati a wilo sanamangidwe bwino, tcheni chimakokera mbali ya kumanja ya ekiselo kutsogolo mukaponda mwamphamvu, ndipo tayala limakhula fulemu kumanzere.

Chobisika kwambiri ndi ekiselo ya kumbuyo yoduka. Kaliyala ya Buffalo anaipangira makilogalamu 100, koma njinga zambiri zimene timakwezapo matumba awiri a feteleza kapena makala ofika pamwamba pa mutu sanazipangire zimenezo, makamaka za magiya ambiri, zimene ekiselo yake imatalika mbali ya kumanja popanda chochirikiza. Ekiselo ikaduka m'kati, manati a mbali zonse amagwirabe zidutswa ziwirizo, ndiye kunja sikuoneka kanthu. Njinga imangogogoda, wilo n'kumagwedera ngakhale mumange makoni kangati. Chotsani wilo: ekiselo yoduka idzatuluka pawiri m'manja mwanu, ndipo yopindika mudzaiona nsonga yake ikuvina mukaizunguliza ndi zala.

Zonsezi zikapezeka zili bwino koma phokoso lidakalipo, makamaka ngati likumveka ngati kulira kwa chitseko chouma ndipo likukula sabata ndi sabata, tsukani fulemu ndi madzi ndi sopo n'kuiyang'ana padzuwa. Yang'anani pamene mapaipi akumana pa ekiselo ya pakati, pansi pake, ndi pamene timapaipi ta kumbuyo tagwira wilo. Kamzere kopyapyala ka dzimbiri kodutsa pa penti ndi mng'alu. Fulemu yachitsulo wowotcherera waluso angathe kuikonza, ya aluminiyamu si aliyense. Koma njinga yong'aluka siyeneranso kukweredwa kapena kunyamula mwana mpaka itakonzedwa.

Mukapita kwa makanika, kaya ndi wa pansi pa mtengo ku Kabwata kapena wa pafupi ndi msika wa Luburma, musamuuze chitsulo choti asinthe. Muuzeni zimene mwawerenga: kuti ikugogoda kamodzi pa kupalasa kulikonse, phazi lamanzere likamatsika, ndipo imaleka mukasiya kupalasa koma siileka mukaimirira. Makanika wabwino mawu amenewa amamufikitsa pa malo enieni msanga, ndipo wofuna kungokugulitsani zitsulo amazindikira kuti mwiniwake akuidziwa njinga yake. Sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kuyambira chotchipa, n'kuyesa njinga musanakhudze china. Mukasintha zitatu pamodzi simudzadziwa chimene chinali cholakwa, ndipo ziwiri mwagula chabe.

Popita kusitolo nyamulani chitsulo chakale m'thumba, kaya ndi kotapini, kapu, ekiselo kapena timipira tingapo, muzifanizire pa kauntala pomwepo, pakuti ma ekiselo a pakati amasiyana kutalika ndipo mazinga a makapu si onse ofanana. Ndipo ngati mwaika makotapini atsopano, dziwani kuti amakhazikika m'masiku oyamba. Pakatha sabata ya maulendo a kumsika, chirikizaninso kulanki pa chipika, menyani kotapini iliyonse kawiri kapena katatu, n'kumanganso kanati kake.